Zenera la a Kolasa

Nyumba yathu ya kumadzulo kwa South Bend ndinaisankha ndine, ndipo chimene chinandikopa ndi zenera la pabalaza. Lalikulu, loyang'ana kumsewu, dzuwa lamasana likulowa ngati kwawo. Tinali titakhala zaka zambiri m'maapatimenti a ku Lafayette Road ku Indianapolis, kumene ukatsegula zenera umangoona khoma la mnzako n'kumva fungo la anyezi wake. Ndiye nditaona limeneli ndinati, "Bambo a Melissa, ndi yomweyi. Kwina sindikaonanso."

Amuna anga a Sosten amakonza mapaipi ndi mahita pachipatala china m'tauni muno, ndipo manja awo sadziwa kukhala. Chilichonse amafuna achigogode, achitsegule, aone za mkati. Ine Ida ndimasamalira okalamba, ndipo ndikaweruka ndimangofuna mpando ndi tiyi basi. Loweruka lina ndili pampandopo ndinamva akundiitana.

"Mayi a Melissa, tabwerani mudzaone izi."

Anali atapala penti m'munsi mwa zenera. Pamene ine ndinkayesa khoma panali matabwa awiri a mahinjesi, obisika ndi penti wa zaka zambirimbiri. Atakweza galasi m'mwamba n'kukankha matabwawo, anatsegukira pakhonde, zenera lonse n'kusanduka khomo lotakata lopanda chopunthwitsa. M'khoma la pambali munalinso zitsulo ziwiri zopinda, zoti ukazitsitsa zimaima chopingasa ngati manja a munthu wolandira mwana. Kuseri kwa chitsulo chimodzi kunali msomali, ndipo pamsomalipo pankalendewera chingwe chakale, mfundo uku mfundo uku.

A Sosten ndi chibwana chawo anaponda mfundo imodzi ndi chidendene, n'kukokera chingwecho m'mwamba. Mfundo inayo inafika pamutu pawo penipeni.

"Taonani, anandiyeza ndisanabadwe!" anatero akuseka.

Ine sindinaseke. Chaka chapitacho munthuyu anagwa kubafa ndi sitiroko, ndipo mpaka lero akatopa mwendo wakumanzere amachita kuukoka. Ndinawalanda chingwecho n'kuchibwezera pamsomali pake. Ndinati masewera amenewo azikachitira kuntchito kwawo.

Kuyambira sabata imeneyo zenera linayamba kutseguka lokha. Osati usiku ayi, usiku linkakhala phee. Masana, dzuwa likapendeka. Ndikafika kuchokera ku shifiti ndinkapeza galasi lili m'mwamba, matabwa ali chitsegukire, zitsulo zija zitatsika, masamba ouma atalowa mpaka kukhitchini. Poyamba ndinawakalipira a Sosten, koma iwo analumbira kuti tsiku lonse anali kuntchito. Anati matabwa akale amatero, amafufuma ndi kunyala malinga ndi nyengo. Ndinati, "Nanga zitsulozo nazonso zimafufuma?"

Ine ndinakulira ku Ntcheu, ndipo maliro ndawaona okwanira. Palibe anandiuza, koma ndinadziwa chimene chimagona pa zitsulo ziwiri zotalikirana choncho, ndi chimene chimatuluka chogona pakhomo lotakata choncho. Nyumbayi inkadikira bokosi, ndipo muyeso wake unali wa amuna anga. Ndinene poyera, ndinkachita mantha. Kuntchito ndinkawaimbira foni pafupipafupi ngati mtsikana wansanje, chonsecho ndikungofuna kumva kuti akupuma.

"Khomani," ndinawauza. "Misomali yake ikhale yaikulu. Mukapanda kutero ine muno ndituluka, muzikhala ndi zenera lanulo."

Lamulungu titaweruka kutchalitchi anatenga hamala. Ali mkati mokhoma tinamva chitsulo choyendera okalamba chikukwekwereza pakhonde. Anali Mayi Regina, mzungu wa tsidya la msewu, wa zaka zopitirira makumi asanu ndi anayi. Tinkangopatsana moni wa dzanja. Tsiku lililonse tinkawaona ali pazenera lawo maso ali panyumba yathu, ine n'kumati ndi miseche ya ukalamba.

"Mukungodzivutitsa," anatero m'Chingerezi. "Onse amene anakhalapo muno anakhomapo. Bambo anga sankapanga zinthu zoti munthu azikhome."

Ndinawalowetsa, ndinawathirira tiyi. Mbiri ya bambo awo, a Teofil Kolasa, ndinaimva tsiku limenelo ndi masiku ena otsatira, chidutswachidutswa, chifukwa Mayi Regina akatopa amangoisiya nkhani pakati n'kuwodzera pampando.

A Kolasa anabadwira ku Poland, m'mudzi wina pafupi ndi mzinda wa Poznan. Anali mwana wa kalipentala, ndipo anaphunzira kujambula mapulani a nyumba kwa mmisiri wina wa mumzindamo. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanayambe anakwera sitima ya pamadzi ndi mayi awo kubwera kuno, kumene anthu akwawo anali atadzaza kale m'mafakitale a ngolo ndi mapulawo. Cholinga chawo chinali kumanga matchalitchi a nsanja zazitali. Koma ntchito zikuluzikulu zinkapita kwa akatswiri a ku Chicago, iwo n'kumangopatsidwa zojambula makonde ndi tizimbudzi. Masana ankagwira m'fakitale ngati wina aliyense.

Ankachita lendi kachipinda kam'mwamba, kokwerera masitepe opapatiza okhota pakati. Mayi awo anamwalirira m'menemo. Masiku amenewo anthu a ku Poland ankachita ngati ife: maliro ankagona m'nyumba, anthu n'kuchezera akuimba ndi kupemphera, m'mawa n'kunyamula. Potsitsa bokosi, pokhota paja linakana. Anayesa uku, anayesa uku, mapeto ake analiimika chilili. A Kolasa anali atagwira kumunsi, khutu lili pathabwa, ndipo anamva mayi awo akutsetsereka mkatimo mpaka mawondo kugunda.

"Phokoso limenelo sanasiye kulimva," anatero Mayi Regina. "Munthu akagwetsa nsapato m'chipinda, bambo ankasiya kudya."

Za matchalitchi zinathera pomwepo. Anayamba kujambulira nyumba anzawo a m'fakitale, tinyumba ta zipinda zochepa, tosavuta kumanga, tofunda m'nyengo yozizira. M'misewu ya kuno anajambula zambiri, ndipo iliyonse inali ndi zenera limeneli. Munthu akabwera kudzafuna pulani, asanamufunse n'komwe za zipinda, ankamuuza kuti avule nsapato aime kukhoma, n'kumuyeza ndi chingwe. Zitsulo ankazitalikitsa malinga ndi msinkhu wa mwini nyumba, chingwecho n'kuchisiya m'khoma. Ena ankanyinyirika, ena ankalemba chizindikiro cha mtanda akamatuluka, koma ankabwerabe. Nyumba za a Kolasa sizinkadontha, komanso aliyense anali ataonapo bokosi likuimikidwa pamasitepe.

Mayi Regina amati kutchalitchi bambo awo sankayang'ana munthu kumaso. Ankamuyamba kumapazi kukathera kumutu, milomo ikugwedera. Azimayi akawaona akubwera ankakokera amuna awo tsidya lina la msewu. Koma pakagwa zovuta, woyamba kuitanidwa anali iwo omwewo. Ankafika ndi chipewa m'manja, kutsegula zenera, kutsitsa zitsulo, n'kuima pakona osayankhula mpaka bokosi litatuluka.

Nkhondo yachiwiri itatha zinthu zinatembenuka. Kunachuluka nyumba zamalonda zosungirako maliro, za makapeti ndi maluwa, ndipo kugoneka mtembo pabalaza kunayamba kuoneka kwachimidzi. Ana a anthu omwe aja ankachita manyazi ndi mazenerawo. Ena anamata ndi njerwa, ena anapaka penti. Palibe anabweranso kudzafuna pulani. Akazi awo atamwalira, a Kolasa anayamba kuyenda khomo ndi khomo ndi kabotolo ka oyilo, kumadontheza m'mahinjesi a eni ake osapemphedwa. Kenaka anayamba kuyeza anthu podikirira basi. Munthu wangoima, wangoona nkhalamba yagwada kumapazi kwake ndi chingwe. Anthu anadandaula, ndipo a Kolasa anatengeredwa ku nyumba ina yosungirako okalamba osokonezeka mutu, kunja kwa Indianapolis. Nyumba yawo inagulitsidwa. Mayi Regina, amene anali atangokwatiwa kumene, anakakhala tsidya la msewu, ndipo sanasamukenso.

"Anamwalira m'nyengo yozizira ya sinowo," anatero. "Ine ndinali m'chikuta. Uthenga unafika atawaika kale. Ndinamva kuti anawatulutsira khomo la kuseri, lotulutsira zinyalala."

Ndinafunsa za chingwe chija.

"N'chawo. Nyumba ino anadzimangira okha. Msewu wonsewu anaukonzera potulukira, mayi anga anatulukira pomwepa, iwo okha ndi amene sanatulukirepo."

Mtima unatsikako, koma pang'ono pokha. Nyumba sidziwa dzina la munthu, imangodziwa muyeso, ndipo wa muyeso umenewo muno anali mmodzi. Pakati pa sabata misomali ya a Sosten ndinaipeza ili pakapeti, yowongoka ngati yangogulidwa kumene, zenera lili chitsegukire. Sabata yomweyo magazi awo anathamanga kwambiri mpaka anawagoneka pachipatala chomwe amagwirapo ntchito. Aa, pamenepo ndiye ndinati basi. Ndinaimbira foni malume Alufeyo ku Beech Grove, pafupi ndi Indianapolis, mlongo wawo wa mayi anga, mkulu wa mpingo amene ngakhale kumsika amapita atavala tayi.

Anandimvera mpaka kumapeto. Kenaka anati, "Iwe Ida, ife ndife Akhristu."

"Ndikudziwa, malume. Koma agogo atafera ku Joni, anapita kukatenga dothi ndani?"

Kwathu munthu akafera kutali n'kuikidwa komweko, abale amapita kukatapa dothi la pamanda ake. Amamuitana, n'kubwera naye akumuuza njira yonse kuti asasochere, ndipo akafika amamulira ngati wamwalira dzulo. Malume anachitapo zimenezi ali mnyamata, anabwera ndi bambo awo m'thumba la jekete, pabasi.

"Woitana akhale wa magazi ake," anatero malume. "Ndipo abusa asamve."

Ndinkaopa kuti Mayi Regina andiseka, kapena anditenga ngati wamisala. Koma nditawafotokozera anangofunsa kuti avale chiyani.

Tinanyamuka m'mawa ndi Mayi Regina, ine pachiwongolero. A Sosten anali atatuluka m'chipatala, ndipo ndinawalumbiritsa kuti pabalaza asakhalepo mpaka nditabwera. Malume tinawatengera ku Beech Grove. Nyumba ya okalamba ija anaigwetsa kalekale. Chatsala ndi bwalo la udzu kuseri kwa mashedi a katundu, muli timiyala ta manambala tomira m'dothi, topanda maina. Ndinataya mtima nditationa. Koma Mayi Regina anabwerako kamodzi atangotuluka m'chikuta muja, ndipo anayenda ndi chitsulo chawo molunjika kumpanda ngati wapita dzulo. Anaima pakamwala kothyoka ngodya.

Tinawathandiza kugwada. Malume anayala mpango woyera, Mayi Regina n'kutapa dothi ndi manja awo.

"Aitaneni m'chinenero chawo," anatero malume.

Mayi Regina anati anachiiwala, papita zaka osachiyankhula. Tinadikira. Mphepo inkangogwedeza malata a mashedi aja. Kenaka mawu anayamba kutuluka okha, koma kamawu kake ka mwana wamng'ono, osati ka nkhalamba imene ndinabwera nayo. Ine ndinangomvapo limodzi, "Tata," ndipo limenelo silinafune womasulira.

Malume anapereka malamulo: osacheuka, osaima panjira, ndipo pamtsinje uliwonse a Kolasa auzidwe kuti tikuwoloka. Mpango wa dothi anauika pampando wakutsogolo, poti mlendo wamkulu sakhala kumbuyo, iwo ndi Mayi Regina n'kukhala kumbuyoko. Titangolowa mumsewu waukulu wa 31, galimoto inayamba kulira, ting, ting, ting, kagetsi kakuphethira kuti wa pampando wakutsogolo sanamange lamba. Abale, pampando umenewo ndaikapo thumba la mpunga kangati, osalira? Dothi lake longodzaza manja awiri. Malume anatambasula dzanja kuchokera kumbuyo, anakoka lamba mwaulemu n'kumanga. Galimoto inakhala chete.

"Pepani bambo, ndi malamulo a kuno," anatero.

Ulendo wa ku South Bend sunanditalikirepo ngati tsiku limenelo. Tikafika pamlatho malume ankati, "Mtsinje," Mayi Regina n'kunong'oneza bambo awo. Tinawoloka Wabash, tinawoloka Tippecanoe, ndi timitsinje tina timene ndadutsapo zaka zonsezi osadziwa kuti tilipo. Kumanja kwanga sindinayang'aneko. Koma m'ngodya ya diso ndinkaona galasi la mbali imeneyo likuchita nthunzi, n'kuyera, n'kuchitanso nthunzi.

Ndinali nditauza azimayi awiri okha, koma Amalawi maliro sabisirana. Tinapeza magalimoto msewu wonse, azimayi atakhala pansi pabalaza ndi zitenje zawo, azibambo ali pakhonde atakwinyira manja m'majekete. Ena anachokera ku Indianapolis komwe tinkachokera ifeko. Ngakhale abusa analipo, atakhala pakona ndi Baibulo lawo, ndipo malume atawaona anangokonza tayi. Inali nthawi yomwe zenera limatseguka, koma tsiku limenelo tinalipeza lotseka.

"Wolowa amalowera pakhomo," anatero Mayi Regina.

A Sosten, amene ndinawauza kuti apume, anali atakhoma kabokosi kakang'ono ndi kupala thabwa lalitali. Tinatsitsa zitsulo, tinagoneka thabwa, kabokosi pamwamba pake, mpango wa dothi uli m'katimo. Tinachezera monga timachitira kwathu, ife ndi nyimbo zathu, Mayi Regina ndi korona wawo. Ndipo tinalira ndithu, osati zonamizira. Musandifunse kuti aliyense ankalira ndani. Tonse tinali m'nyumba muja tili ndi maliro amene tinangowaonera pafoni tili pa shifiti, ine a mayi anga omwe. Tsiku limenelo tinapeza pokhala pansi n'kuwalira.

M'mawa a Sosten anakweza galasi n'kutsegula matabwa. Thabwa lija dzulo lake ndinalinyamula ndekha ndi dzanja limodzi. Azibambo anayi analigwira, anayesa kukweza, anayang'anana, n'kuitana ena. A Sosten nawo anagwira kumutu, ngakhale ndinawatong'olera maso. Ndinaima ndikuyang'ana mwendo wawo uja. Linatuluka chogona, osapendekeka, osagunda paliponse, kuchoka pazitsulo kufika pakhonde mpaka pamsewu.

"Mwaona?" anatero Mayi Regina, atandigwira mkono mwamphamvu. "Mwaona mmene ankamangira?"

Dothilo tinakalithira pamanda a akazi awo, kumanda a anthu akwawo kumadzulo kwa tauni, pamodzi ndi chingwe chawo.

Zenera silinatsegukenso lokha. Ndinkafika kuchokera ku shifiti n'kulipeza lili phee. A Sosten anachira, anabwerera kuntchito, anayambiranso kugogoda zinthu za eni ake. Ndiye Loweruka lina ndinawaona akutsitsa njerwa ndi thumba la simenti m'galimoto.

"Zimenezo n'zachiyani?"

"Si mumafuna litsekedwe? Lero ndimata, tithane nazo."

Anayala mapepala pakapeti, anasakaniza simenti m'ndowa. Ine ndinaima pakhomo la kukhitchini ndikuwayang'ana. Chinandibwerera m'mutu ndi maliro a mnzathu wina wa ku Indianapolis, mayi amene analera ana a theka la mpingo wathu. Tinamuonera m'chipinda cha lendi, pamipando ya mizere, ndipo nyimbo isanathe mnyamata wa suti anali akuyang'ana wotchi chifukwa panja pankadikira banja lina. M'nyumba mwake sanalowemo.

"Musamate," ndinatero.

"Mayi inu, kodi mukufuna chiyani kwenikweni? Dzana lomweli mumalira kuti ndikhome."

"Kumudzi sitidzabwerera, bambo a Melissa. Inu mukudziwa, ine ndikudziwa."

Mawu amenewo m'nyumba mwathu anali asanatulukepo. Zaka zonsezi tinkati chaka chamawa, tikangomaliza ichi, mwana akangomaliza sukulu. Ku Ntcheu tili ndi maziko a nyumba amene pano amera mitengo. A Sosten anaika pansi chomatira, n'kukhala pathumba la simenti. Simenti inaumira m'ndowa.

"Melissa mumuuza ndinu," anatero.

Melissa ndi mwana wathu yekhayo, ali ku koleji ku Indianapolis. Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi. Atabwera kumapeto kwa sabata ndinamuimika pazenera. Ndinamuonetsa pogwira pokweza galasi, pokankha matabwa, ndi kachitsulo kamene umayamba wakakweza kuti zitsulo zitsike. Ndinamuuza kuti azimayi amakhala pansi mbali iyi, azibambo pakhonde, ndipo mapazi ndi amene amatsogola.

"Amayi, siyani zimenezi," anatero m'Chingerezi chakecho. "Bwanji mukundionetsa zimenezi?"

"Chifukwa tsiku limenelo ine mwina sindidzatha kukuuza. Tseka, uyambirenso."

Anakwiya, analira, anati ndine mayi wankhanza. Ndinati ndamva, tsegula. Bambo ake anatuluka kukaima kuseri kwa nyumba. Koyamba galasi linamugwera paphewa, kenaka anaiwala kachitsulo kaja. Tinabwereza mpaka anatsegula yekha osandifunsa, misozi ili chuchuchu, mphepo yozizira ikulowa m'nyumba monse.